Mzere Wofiira wa ku Liwonde

Amene anachotsetsa ntchito adalaivala a pashopu ya amalume ndine. Sindinawanenere bodza, sindinawasemere chinyau, ndinangojambula mzere wofiira pa kompyuta. Madzulo a tsiku limenelo ndinadzigulira chipisi ndi mwendo wa nkhuku podzithokoza, chifukwa munthu wophunzira akagwira mbala sayenera kugona ndi nyemba m'mimba.

Shopu ya amalume ili m'tauni ya Balaka, chakufupi ndi siteshoni ya sitima. Timagulitsa mbewu, feteleza, mankhwala opopera thonje ndi masipuleya. Ina yaing'ono ili ku Ngokwe, kwathu, kumene amayi anga akukhala mpaka lero. Amalume ndi achimwene awo a amayi, ndipo kwathu malume ndiye mwinimbumba. Mlongo wake akadwala, kapena mwana wa mlongo wake akabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, anthu sayang'ana kwina. Bambo anga atamwalira, amalume ndi amene anandilipirira sukulu mpaka kukoleji ku Blantyre, kumene ndinakaphunzira za makompyuta ndi kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Vuto linali loti fizi yonseyo inkachokera mushopu, ndipo shopuyo si ya amalume okha. Akazi awo, amene timawatchula kuti aanti, anathiramo ndalama zawo zonse zopumira pa ntchito ya uphunzitsi. Ana awo enieni nthawi zina ankadikira yunifolomu kuti ine ndilembe mayeso. Tsiku limene ndinabwera ndi pepala langa la kukoleji, aanti anaphika mpunga ndi nyama ya mbuzi, anandigwira chanza, kenako anatembenukira kwa amuna awo tonse tikumva.

"Mbumba yanu taiphunzitsa," anatero. "Kuyambira lero alongo anu ali ndi mwana wogwira ntchito. Shopu ino ipumeko tsopano."

Amalume anavomera ndi mutu, maso ali m'mbale. Ine ndinadziguguda pachifuwa n'kunena kuti amayi sadzasowanso kanthu ine ndili moyo. Ndinalankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, mpaka ndinadzimvera chisoni kuti panalibe wojambula.

Anandilemba ntchito mushopu momwemo ngati woyang'anira za makompyuta. Kompyuta inalipo imodzi, yanga yomwe, choncho ndinkaiyang'anira mosamala. Malipiro ankathera ku nsapato zosongoka, foni yatsopano, mabandulo ndi lendi ya nyumba yamagetsi, chifukwa munthu wa kukoleji sangakhale kuseri kwa nyumba ya amalume ake ngati mwana wa sukulu. Amayi ndinawatumizira chitenje chimodzi pa Khirisimasi. Moni ndiye ndinkatumiza mosaumira.

Chodabwitsa n'choti mwezi uliwonse amayi ankaimba foni n'kunena kuti, "Shuga ndalandira, mwanangu, Mulungu akuonjezere." Ine ndinkaseka n'kusintha nkhani. Amayi anga ndi munthu woti ndili mwana ankati akapeza mtsuko uli gwa, wopanda madzi, ankandiuza kuti zikomo potunga madzi. Ndinkaona ngati akundinyogodola mwa masiku onse, ndipo ndinkawayamikira mumtima kuti ukalamba sunawalande nthabwala.

Khadi ya kubanki inabwera ine ndisanayambe ntchito. Anthu a kubanki anawanyengerera amalume kuti bizinesi yamakono siyenda ndi ndalama m'thumba la pulasitiki. Khadi yake inali yangongole: ugule lero, banki ikulipirire, iwe ubweze pakutha pa mwezi, ukachedwa akuikire chiwongoladzanja. Amalume anaikonda chifukwa inali yonyezimira. Koma tsiku ndi tsiku inkakhala m'thumba la adalaivala, popeza iwo ndi amene ankathira mafuta, kukatenga katundu ndi kukasiya feteleza ku Ngokwe.

Adalaivala anali bambo wachikulire, Msilamu wa cha ku nyanja ya Chiuta, wovala kofiya yoyera imene sindinaionepo itada ngakhale nyengo ya fumbi. Anayamba kuyendetsa galimoto ya amalume shopu ikadali tebulo la pakhonde. Lachisanu ankaimika lole pamzikiti uliwonse umene aupeza, kaya katundu akudikiridwa kaya ayi, ndipo palibe amene ankawaletsa. Ndi iwowo amene ananyamula sutikesi yanga pamutu tsiku limene ndinkapita kukoleji koyamba. Nditabwerako anayamba kunditchula kuti abwana aang'ono, ndipo ine, mwa nzeru zanga zonse, ndinkaona ngati ndi ulemu wokhawokha.

Mwezi uliwonse banki inkatumiza chipepala chosonyeza zonse zimene khadi yagula. Amalume ankachipinda kawiri n'kuchiponya m'katoni ya masipuleya, mmene makoswe ankachiwerenga m'malo mwathu. Ngongole ya khadi itayamba kunenepa, aanti anandiitana.

"Kodi fizi ija tinkalipira ija ingatiuze kumene ndalama za khadi zikupita?"

Ndinayankha kuti ndiwapangira dashibodi. Anandifunsa ngati ndikunena ya m'galimoto. Ndinawafotokozera, pang'onopang'ono ngati ndikulankhula ndi mwana wa sitandade wani, mayi amene anaphunzitsa ana kwa zaka zoposa zanga, kuti imeneyi ndi tsamba limodzi la pa kompyuta loonetsa zonse nthawi imodzi: ndalama zapita zingati, zapita kuti, wagula ndani, ndipo pavuta ndi pati. Anati chabwino, bola ionetse zoona.

Ntchitoyo inanditengera masabata atatu. Poyamba ndinaonera mavidiyo a azungu amene ali ndi makampani, n'kukopera magulu awo onse. Munali gulu la maulendo a pandege, la kusangalatsa alendo, ngakhale la maluwa a muofesi. Nditayang'ana lole yathu, imene chitseko chake chimatsekedwa ndi chingwe cha mphira, la ndege lija ndinalichotsa mtima ukuwawa. Ndinatsala ndi mafuta, katundu wa mushopu, kukonzetsa galimoto, chakudya cha paulendo, ndi zina ndi zina.

Kenako ndinavundukula katoni ija. Zipepala zina makoswe anali atadya mwezi wathunthu, zina zinali zitanyowa ndi mankhwala a thonje moti ndinkalemba manambala ndikuyetsemula. Chovuta kwambiri chinali mayina. Chipepala cha kubanki sichilemba dzina limene lili pachitseko cha sitolo, chimalemba dzina la mwini kamakina koswayipira khadi. Ndinapeza kuti lole yathu inakamangitsa tsitsi ku saluni ya ku Ntaja kawiri konse. Nditawafunsa adalaivala, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kofiya. Wogulitsa matayala ku Ntaja alibe kamakina, ndiye amabwereka ka mlamu wake wa saluni, n'kugawana okha madzulo.

Tinakhala masana angapo kuseri kwa shopu, ine ndi kompyuta pamiyendo, iwo ndi tiyi m'manja, ndipo ankakumbukira chilichonse. Apa ndi tsiku limene lamba wa injini anaduka pa mlatho wa Shire. Apa ndi mafuta a ulendo wokatenga mbewu mvula itagwa msanga. Timapepala tonse totuluka m'kamakina ankatibaya pa waya wokoloweka pamsomali, ndipo tinkagwirizana ndi chipepala cha kubanki mpaka tambala.

Panali mizere iwiri yokha imene inalibe kapepala. Mwezi uliwonse, pa tsiku la ulendo wa ku Ngokwe, khadi inkaswayipidwa ku Liwonde kawiri, kusitolo ina yaikulu ndi kusitolo ya mankhwala. Ndalama zake sizinali zogwetsa bizinesi, koma zinkabwera mokhulupirika kuposa mvula.

"Nanga izi za ku Liwonde?" ndinafunsa.

Anaika kapu pansi. "Zimenezo, abwana aang'ono, mufunse abwana aakulu."

Ndinakawafunsa amalume. Anakanda m'mutu, anayang'ana kuchitseko, kenako anati, "Mphwanga, zisiye zimenezo. Uziike mu zina ndi zina. Zinthu zina zimakhala bwino zili m'katoni."

Munthu wa mutu wabwino akanaima pamenepo n'kudzifunsa. Ine ndinamva zonse m'kanthawi kochepa, monga amachitira anthu anzeru. Adalaivala akuba, amalume akudziwa, koma akuwabisa chifukwa cha chinzake chakale. Ndinakwiya kwenikweni, ndipo mkwiyowo unkandikoma. Apa ndiye panali poonetsera kuti fizi sinapite m'madzi.

Ndinasankha mitundu itatu. Chobiriwira chinali cha ndalama zoyenda bwino, chachikasu cha zokayikitsa, chofiira cha chilichonse chopanda kapepala komanso chopanda gulu. Chofiiracho ndinachisankha mosamala, ndinayesa mitundu isanu mpaka ndinapeza choti munthu achione ali pakhomo. Ndinawonjezeranso kuti ukadina mzere uliwonse, pazituluka tsiku, malo ndi amene anali ndi khadi. Amalume anasuzumira n'kuloza mzere wofiirawo.

"Kodi chofiirachi sungachipange bulauni?"

"Manambala sanama, amalume," ndinatero. Mawu amenewa ndinawatola m'mavidiyo aja, ndipo ndinali ndikudikira tsiku lowagwiritsa ntchito.

Aanti anandiuza kuti ikatha ndiwaonetse okha kaye, kunyumba, tili awiri. Ndinavomera pakamwa. Koma ntchito ya masabata atatu ungaionetse munthu mmodzi pakhonde ngati ukugulitsa kachasu? Ndinagula TV yakale kwa munthu wina amene anatseka vidiyo shoo, ndinaikhomera pakhoma la chipinda cha kuseri, ndipo Lolemba m'mawa, shopu isanatsegulidwe, ndinaitana aliyense. Kunabwera amayi awiri ogulitsa pakauntala, alonda amene anali asanapite kwawo, adalaivala, amalume ndi aanti. Aanti atangoona TV ndi mabenchi anandiyang'ana nthawi yaitali. Magetsi, amene amathima tsiku lililonse ngati lamulo, tsiku limenelo anakhalapo mpaka mapeto.

Ndinayamba ndi mafuta, obiriwira. Katundu, wobiriwira. Nkhani ya saluni ndinaikamba ndipo anthu anaseka, adalaivala nawonso anaseka. Kenako ndinakhosomola pang'ono n'kudina mzere wofiira uja. Panatuluka miyezi yonse motsatana, Liwonde, Liwonde, Liwonde, ndipo pambali pa uliwonse panalembedwa kuti khadi inali ndi dalaivala.

Aanti anafunsa ndi mawu otsika, osayang'ana munthu aliyense.

"Bambo, zinthu izi munagula ndinu?"

Adalaivala anayang'ana amalume. Amalume anali atapeza chinthu chofunika kwambiri pa kalendala ya kampani ya mbewu, ndipo ankaiwerenga ngati anthu akubadwira pamenepo. Adalaivala anadikira, ndipo ine ndinaona kudikirako n'kukuwerenga ngati mantha a munthu wogwidwa.

"Ndinagula ndine, mayi."

"Munagulira ndani?"

Anayang'ananso amalume kachiwiri. Kalendala ija inali isanathe.

"Iyayi, mayi, zina sindinena."

Anapisa m'thumba, anatulutsa makiyi a lole ndi khadi, anaziika patebulo pafupi ndi kompyuta yanga. Anati sikomo kwa onse m'Chiyao chakwawo, n'kutuluka. Palibe amene anawathamangitsa ndi mawu, koma palibenso amene anawaitana. Amayi a pakauntala anayang'anana, ndipo ndinadziwa kuti nkhaniyo ifika kumsika shopu isanatsegulidwe. M'Balaka nkhani imakwera kabaza ndipo silipira. Pofika Lachisanu inali italowa mumzikiti kuti bambo a kofiya yoyera aja akhala akubera abwana awo zaka zonsezi, mpaka kompyuta yawagwira.

Ine ndiye ndinakula. Eni masitolo oyandikana nafe ankabwera kudzaona TV yogwira akuba. Tinalemba dalaivala wina, ndipo mwezi wotsatira dashibodi yonse inabiriwira ngati dimba. Ndinaijambula n'kuiika pa foni kuti anzanga a kukoleji aone.

Mwezi umenewo amayi sanaimbe kudzathokoza shuga, ndipo ine sindinazindikire n'komwe. Anaimba chakumapeto kwa mwezi wachiwiri, mawu awo ali olefuka.

"Mwanangu, kodi kuntchitoko akudula malipiro? Ngati zavuta usadzipanikize, za shuga zisiye. Koma mankhwala okha aja, mutu ukundipweteka ndipo miyendo yatupa."

Ndinafunsa kuti mankhwala ati. Anati, "Aja umatumiza aja."

M'mawa mwake ndinakwera minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka ku Nselema, kenako njinga yamoto kulowa msewu wafumbi wa ku Ngokwe. Nsapato zosongoka zija zinafika zili zofiira kuposa mzere wanga. Amayi ndinawapeza atakhala pamkeka, miyendo itatupa ngati mitondo. Ndinawaperekeza kuchipatala chaching'ono cha kwathuko, kumene anawayeza BP n'kutikalipira tonse awiri, ine makamaka. Anawapatsa mapiritsi ongokwanira mwezi umodzi n'kutiuza kuti amene anazolowera aja tikagule kutauni.

Titabwerera kunyumba, amayi analowa kuchipinda n'kutuluka ndi buku lawo la nyimbo za kutchalitchi. Analitsegula pakati. Munali timapepala ta m'kamakina, tosanjidwa bwinobwino mwezi ndi mwezi, tina titayamba kufufutika. Tonse tinali ta ku Liwonde.

"Bambo a lole aja ankati ndizisunga," anatero amayi. "Ankati mwana wanu watumiza, ndipo umboni wake ndi uwu. Ine kuwerenga chizungu sinditha, koma ndimawaonetsa anzanga a kumphakati. Ena ana awo ali ku Joni koma sanalandirepo ngakhale sopo. Kodi bambo aja ali kuti? Wa lole watsopanoyu amangodutsa, ngakhale hutala saliza."

Timapepala timene ndinatifunafuna masabata atatu, timene kusowa kwake ndinakupaka utoto wofiira, tinali m'buku la nyimbo la amayi anga ngati makalata ochokera kwa ine. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinawauza amayi kuti bambo aja ali patchuthi, ndipo ndinatuluka panja kukayang'ana mbuzi za eni.

Amalume ndinawapeza mosungira katundu, akuwerenga matumba a feteleza amene anali atawerenga kale. Sanakane. Anati anandidikira miyezi itatu chiyambireni ntchito kuti nditumize kanthu kwa amayi, ndipo ataona kuti zikufika ndi nsapato zokhazokha, anawauza adalaivala kuti azigula ku Liwonde, kutali ndi maso a aanti, n'kumakanena kuti zachokera kwa ine.

"Ndimati ndikubisire manyazi, mphwanga. Mlongo wanga asamve kuti tinaphunzitsa mwala."

"Nanga tsiku lija bwanji simunalankhule?"

"Ndimafuna kulankhula. Pakamwa panauma." Anasisita thumba la feteleza. "Ndinalumbira pamaso pa aanti ako kuti shopu yapuma. Ukanakhala iwe ukanatani?"

Ndinafuna kuwakalipira, koma ndi pakamwa pati? Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu, ndipo mwana wake ndinali ine, ndevu ndi pepala la kukoleji zili pomwepo.

Ndinapita kwa aanti nditakonzeka kuti denga liuluka. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Ndinafotokoza zonse, ndikuyembekeza kuti lichero ligwa. Iwo anapitiriza kusankha.

"Wamaliza?" anafunsa. "Mwana wa mnzanga wa kukwaya amagwira pakauntala pasitolo ya ku Liwonde ija. Ndinadziwa mwezi woyamba womwe. Amalume ako akabisa chinthu amachibisa ngati mwana wobisa mtedza m'kamwa."

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere.

"Ndinene kuti chiyani? Kuti alamu anga afe ndi BP chifukwa ine ndinalankhula mawu pa mpunga? Iwo ankabisa, ine ndinkapenya kumbali, mayi ako ankamwa mankhwala, aliyense ulemu wake uli pamutu. Ine ndimafuna kudziwa za mafuta ndi chiwongoladzanja. Ndinakuuza kuti undionetse ndekha, ndikanakuuza kuti mzere uwo uchotse. Iwe unakauika pakhoma, pamaso pa antchito ndi alonda. Pamenepo ndikanangokhala chete, mawa aliyense akanayamba kugula za kwawo ndi khadi. Ndinafunsa kawiri konse kuti mwina amuna anga aimirira ngati mwamuna. Unaona wekha."

"Ndiye munalola kuti munthu wosalakwa achoke?"

"Ndinalola, ndipo sindigona nazo bwino. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndikanaswa banja langa pamaso pa alonda? Pita ukawatenge. Uwauze kuti makiyi akuwadikira, ndi malipiro a miyezi yonseyi."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti pashopu yonse, munthu amene sankadziwa kumene ndalama za ku Liwonde zikupita anali mmodzi yekha, yemwe anapanga chida choonera zonse.

Adalaivala ndinawapeza Loweruka pamsika wa Balaka, akutsitsa madengu a matemba m'kagalimoto kakang'ono ka mlamu wawo, amene amagula nsomba ku Chiuta. Kofiya inali yoyera ngati kale. Anandilonjera bwinobwino, anafunsa za amalume, za aanti, kenako anafunsa ngati amayi akumwa mankhwala. Ndinapepesa. Ndinali nditakonza mawu ambiri okoma, koma anatuluka ochepa ndiponso opindika. Ndinawauza za makiyi ndi malipiro.

Anapukuta manja pa chiguduli. "Abwana aang'ono, ntchito si kanthu, Mulungu amapereka. Koma ine kumzikiti ndinkasunga bokosi la zopereka. Sabata imene ija anandipempha mwaulemu kuti ndipumeko kaye. Mwana wanga wamkazi kwa apongozi ake akumutchula mwana wa bambo a pa TV. Dzina langa munalipachika pakhoma anthu akuona. Mungalitsitse pakhoma pomwepo, anthu omwewo akuona?"

Ndinati ndingathe. Ananena kuti chambone, chabwino wa m'Chiyao, n'kunyamula dengu lina.

Kusintha mzere umodzi pa dashibodi ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Kunanditengera masabata atatu, ofanana ndi amene ndinamangira chinthu chonsecho. Lolemba loyamba ndinati kompyuta ikufunika kukonza. Lolemba lachiwiri magetsi anathima ndipo ndinathokoza Mulungu mumtima. Kuyeretsa dzina lawo kunkafuna kuti ndidetse langa, ndipo ndinapeza kuti manambala aja sanama ndithu, koma mwini wake amatha kuchedwa.

Lolemba lachitatu ndinaitananso anthu onse. Mzere uja ndinausiya wofiira, koma ndinasintha mawu ake. Palibenso pamene panalembedwa za dalaivala. Panalembedwa kuti: shuga, sopo ndi mankhwala a amayi anga, zimene ine sindinagule. Ndinafotokoza zonse nditaimirira. Amalume ulendo uno kalendala anaisiya, anaimirira n'kunena kuti anatuma ndi iwo, kenako anatuluka kukayang'ana matayala a lole. Aanti anati shopu itsegulidwe, makasitomala akudikira.

Nkhani yabwino ilibe kabaza, imayenda pansi. Ya kuba inafika kumzikiti m'masiku anayi, koma iyi ndinachita kuinyamula ndekha, kukaima pakhomo pa mzikiti Lachisanu nsapato zili m'manja, n'kuifotokozera akuluakulu. Anamva, anagwedeza mitu. Bokosi la zopereka anali atapatsa kale munthu wina, ndipo sakanamulanda popanda chifukwa. Mpaka lero kumsika alipo amene amati pamene pafuka utsi pali moto, kompyuta singaname.

Adalaivala sanabwerere. Malipiro a miyezi ija analandira, chifukwa anali awo, koma makiyi anawabweza ndi mawu oti msana wawo wazolowera kagalimoto kakang'ono. Aanti anawatumira anthu kawiri, amalume anapita okha kamodzi. Yankho linali sikomo yemweyo.

Mwezi utatha ndinatenga malipiro anga, ndinatsika ku Liwonde, ndinalowa m'sitolo ya mankhwala ija chifuwa chili patsogolo, mwana wabwino wobwera kudzagulira mayi ake. Mayi wa pakauntala anandifunsa kuti mankhwala ati. Ndinati a BP. Anati a BP alipo ambiri, ati? Ndinatsegula foni. Ndinali ndi tsiku lililonse limene anagulidwa, ola lake, mtengo wake mpaka tambala, ndi chithunzi chosonyeza mmene mtengowo wakwerera miyezi yonseyi. Dzina la mankhwala munalibe, chifukwa timapepala ta m'kamakina timangolemba ndalama. Foni ya amayi sinkapezeka. Amalume anati iwo ankangotuma.

Ndinaima pakona ya sitoloyo kwa kanthawi, kenako ndinaimbira munthu amene ndinamuchotsetsa ntchito. Anayankha kukumveka phokoso la msika. Anatchula mayina awiri achizungu ovuta osaphonya chilembo, n'kundiuza kuti aang'ono ndi a m'mawa, enawo ndi a madzulo atadya. Anati ndipemphe kuti andilembere pabokosi ndi zizindikiro za dzuwa ndi mwezi, chifukwa amayi sawerenga chizungu. Shuga ndigule wabulauni, woyera amati sakoma mu tiyi. Sopo akhale wamtanda, ndimudule zidutswa zinayi ndisanafike, apo ayi amagawira anzawo yense tsiku lomwelo.

"Ndipo mukafika musangosiya katundu pakhomo ngati mukutsitsa feteleza," anatero. "Mukhale pansi. Akupatsani madzi, mumwe. Akufunsani za mwana wawo, mmene akugwirira ntchito, ngati akudya bwino. Ine ndinkawauza kuti ndi munthu wanzeru, amawakumbukira tsiku lililonse."

Mayi wa pakauntala ankandiyang'ana, cholembera chili m'manja.

"Mwalemba, abwana aang'ono?"

Ndinati ndalemba.

"Chambone. Zimenezo muziikenso pa TV yanu ija, mungadzaiwale."